Chitupa Chabweranso

M'chaka cha 2021, mitambo itayamba kusonkhana, ndinapita kumudzi kukaona azakhali anga. Ndinawapeza atakhala pakhonde atagwira tsaya. Mizere anali ataunga kale, mbewu inalipo, koma feteleza munalibe m'nyumba, chonsecho dzina lawo linali litatuluka pa mndandanda wa ogula zipangizo zaulimi zotsika mtengo. Nditafunsa chimene chinavuta, anandiuza kuti miyezi iwiri m'mbuyomo mdzukulu wawo anadwala mwakayakaya, ndipo iwo anathamangira kwa mkulu wina wa pamsika kukatenga katapila. Mkuluyo sanafune mbuzi kapena njinga ngati chikole. Anafuna chiphaso cha unzika.

"Mwanangu," anatero azakhali, "popanda kachitupa kaja ine sindine munthu. Amfumu akundidziwa, mudzi wonse ukundidziwa, koma makina aja sandidziwa."

M'mawa mwake ndinapita kukaombola chiphasocho. Mkulu uja atawerenga ndalama zake kawiri, anapisa dzanja pansi pa tebulo natulutsa jumbo ya shuga. M'menemo munali mtolo wa ziphaso womangidwa ndi mphira, wosakwana m'dzanja limodzi. Anayamba kuzitsegula chimodzichimodzi ngati munthu wa juga, nkhope za anthu a m'dera lathu zikudutsa pamaso panga, ena mwa iwo anthu amene ndinaphunzira nawo sukulu. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndi mangawa ndi chiphaso chimenechi, ndipo lero ndafuna ndiwatule poyera.

Ndinene msanga kuti sindikudana ndi kalembera. Dziko losadziwa chiwerengero cha anthu ake limamanga sukulu ndi zipatala mongopenekera. Chimene ndikutsutsa ndi mchitidwe wosandutsa kapulasitiki kamodzi kukhala kiyi wa zitseko zonse za moyo wa munthu, kenako n'kumulipiritsa mwini wake kuti kiyiyo asathe ntchito, uku zinsinsi zake zikusungidwa m'nyumba imene sakudziwa kuti mlonda wake ndani. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Nyerere zake ndi zitatu: mtengo, chitetezo ndi chinsinsi.

Tisanaziwerenge, tikumbutsane kumene tachokera, chifukwa ife Amalawi si alendo pa nkhani ya zitupa. Agogo athu ankagona m'tchire pothawa amesinjala ofuna chitupa cha msonkho. Amene anapita kukagwira ntchito ku Salisbury ndi ku Bulawayo ankayenda ndi chitupa m'thumba ngati mtima wachiwiri, ndipo amene anatsikira ku migodi ya ku Johannesburg anaona ndi maso awo zimene pasi inkachita kwa munthu wakuda. Pa 21 Malichi 1960 apolisi anapha anthu 69 ku Sharpeville, mlandu wawo unali kukana pasi basi. Titalandira ufulu wodzilamulira tinkaganiza kuti zatha, koma kunabwera kadi ya chipani. Amene tinakula masiku amenewo tikukumbukira anyamata a yunifolomu ataima pachipata cha msika ndi pakhomo la basi. Wopanda kadi sankagula mchere, sankakwera basi. Amayi oyembekezera ankagulitsidwa makadi awiri, ina ya mwana wosabadwayo. A Mboni za Yehova anakana kugula kadiyo. Chipembedzo chawo chinaletsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 zikwizikwi za iwo anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, nyumba zawo zitatenthedwa.

Zitupa zonsezi zinkabwera ndi mawu okoma. Chitupa cha msonkho ankati ndi cha chitukuko, pasi ankati ndi ya bata, kadi ankati ndi ya umodzi. Choncho munthu wa msinkhu wanga akamva mawu okoma pa chitupa chatsopano, musamunene kuti ndi wotsalira akayamba wafunsa mafunso.

Mbiri ya chiphaso cha lero ndi yaifupi. Lamulo la kalembera wa nzika ndi la 2010, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2015. Mu 2017 bungwe la National Registration Bureau, limene tonse timangoti NRB, linayenda dziko lonse ndi makina oyendera mphamvu ya dzuwa, ndipo m'miyezi isanu ndi umodzi linalemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo. Tinaima pamizere, tinajambulidwa, tinapereka zidindo za zala zathu, maina a makolo athu, mudzi wathu, mfumu yathu yaikulu ndi boma lochokera. Kunena zoona inali ntchito yotamandika, ndipo maiko ena anabwera kudzaphunzira. Ntchito yonseyo inadya ndalama pafupifupi 52 miliyoni ya madola a ku America, ndipo gawo lalikulu linachokera kwa abwenzi akunja kudzera ku UNDP.

Nyerere yoyamba ili pomwepo. Mlendo akakumangira nyumba ya malata amatsanzika n'kumapita, ndipo denga likayamba kudontha ndi lako. Ziphaso zimenezi si za pepala wamba. Zili ndi kachipangizo m'kati, zimapangidwa kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja, m'dziko limene limasowa ndalama zomwezo zogulira mafuta a galimoto ndi mankhwala. Ndiye wina, podziwa zonsezi, anaganiza zoika tsiku lothera ntchito pa chiphaso chilichonse. Pofika 2021 ziphaso zambirimbiri zinali zitayamba kutha, ndipo eni ake ankafunika kulipira K2,500 kuti apeze china. Kwa bwana wa ku Capital Hill imeneyo ndi ndalama ya nkhomaliro. Kwa mayi wa ku Nsanje kapena ku Chitipa muonjezerepo ya kabaza, ya minibasi yopita kuboma ndi kubwerera, tsiku la kumunda lotayika, ndi ulendo wachiwiri kapena wachitatu wokafunsa ngati chatuluka.

Ndifunse: chimatha ndi chiyani pa munthu? Zidindo za zala za munthu wamkulu ndi zomwe zija, tsiku lobadwa silisuntha, mayi ake ndi omwe aja. Kodi unzika umavunda ngati usipa? Ena amati nkhope imasintha. Zoona, koma ngati makina amazindikira munthu ndi chala, nkhope yakalamba ikulakwa chiyani? Boma lenilenilo linavomereza kuti zinthu sizikuyenda pamene mu Ogasiti 2023 linaimitsa kutha ntchito kwa ziphaso mpaka pa 1 Januwale 2026. Ngati dziko linatha kuyenda zaka zoposa ziwiri ndi ziphaso zoti zinatha, mabanki akutsegula, chisankho cha 2025 n'kuchitika, ndiye kuti tsiku lija silinali kuteteza kanthu. Linali msonkho wobisika pa anthu osauka, ndiponso msika wokhazikika wa amene amatigulitsa makadiwo.

Mtengo wina sulembedwa m'mabuku a boma, ndiwo wa munthu wotsekeredwa kunja. Pamene ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP inayamba mu 2020, chiphaso ndicho chinakhala khomo lolowera. Alimi ankagona pa madepoti kudikira netiweki kuti makina awerenge chiphaso. Ena ankauzidwa kuti agula kale, iwo asanaone ndi thumba lomwe. Mavenda anayamba kuyenda m'midzi kugula kapena kubwereka ziphaso kwa anthu amene njala inawapanikiza. Tinauzidwa kuti chiphaso chithetsa chinyengo cha makuponi, koma chinyengocho chinangosintha malaya. Kusiyana kwake n'kwakuti wogulitsa kuponi ankataya feteleza wa chaka chimodzi, pamene wogulitsa chiphaso amapereka dzina lake, nambala yake ndi nkhope yake kwa munthu wosamudziwa.

Ngakhale ufulu wovota unamangiriridwa pa kapulasitiki komweka. Lamulo la zisankho la 2023 linati umboni wa kalembera wa NRB ndiwo wokha wovomerezeka polembetsa m'kaundula wa ovota. Zinatengera bwalo lalikulu la milandu mu Okutobala 2024 kulamula kuti NRB izilemba anthu opanda ziphaso pamalo pomwepo pa kalembera wa chisankho. Ufulu umene tinaumenyera pa riferendamu ya 1993 unatsala pang'ono kudalira ngati kalaliki wina wafika ndi makina m'mudzi mwanu kapena ayi.

Nyerere yachiwiri ndi chitetezo. Amatiuza kuti chiphaso chimatiteteza kwa akuba ndi akathyali. Mu 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe, ndipo amene sanalembetse anadulidwa. Tinamvera. Nanga mauthenga aja oti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" anatha? Ndani mwa inu owerenga amene sanaimbiridwepo ndi munthu wonamizira kuti mwapambana mphoto, kapena kuti mwana wanu wagwa kusukulu? Nambala zimene amagwiritsa ntchito anthu amenewa ndi zolembetsedwa bwinobwino, koma m'maina a anthu ena: agogo a kumudzi, omwalira, ndi anthu onga aja ndinaona nkhope zawo m'jumbo ya shuga. Wakuba sanagwidwe. Chimene chachitika n'chakuti wapeza munthu wosalakwa woti amusenzetse mlandu, ndipo apolisi akatsata nambala amakagogoda pakhomo la nkhalamba yosadziwa n'kulemba komwe.

Nkhokwe imene amasungamo zonse zija tinapereka nayonso ndi yofunika kuifunsa. Mu 2018, kalembera wa chisankho ali m'kati, chimodzi mwa zipangizo zolembera anthu chinapezeka m'sitima yonyamula malasha ku Mozambique. Akuluakulu anatitsimikizira kuti palibe chimene chinaonongeka, ndipo nkhaniyo inazilala. Mu Febuluwale 2024 mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akathyali a pa kompyuta alowerera makina osindikizira mapasipoti ndipo akufuna dipo. Kwa milungu ingapo Mmalawi sankatha kupeza pasipoti. Ena anakayikira nkhaniyo, nati gwero la vuto linali ubale wa boma ndi kampani imene inkayendetsa makinawo. Sankhani nokha chimene mukukhulupirira, zonse ziwiri ndi zoopsa. Ngati anali akuba, ndiye kuti mpanda wathu ndi wa mapesi. Ngati unali mkangano ndi kampani, ndiye kuti makiyi a nkhokwe ya dziko anali m'thumba la mlendo.

Pasipoti ali nayo ndi anthu ochepa. Kaundula wa NRB ndi wa tonse, ndipo pa iye patsamira mabanki, makampani a foni, malipiro a ogwira ntchito m'boma, msonkho, chisankho ndi thandizo la osauka. Mlimi wanzeru sasunga chimanga, mtedza ndi mbewu ya chaka chamawa m'nkhokwe imodzi, chifukwa moto ukabuka amatsala manja lende. Komanso taganizirani: loko akathyoledwa mumagula wina, nambala yachinsinsi ya kubanki ikadziwika mumasintha, koma zidindo za zala zanu zikabedwa mukagula kuti zala zina? Ku India, kumene kuli kaundula wamkulu kuposa onse wotchedwa Aadhaar, nyuzipepala ya The Tribune inaulula mu Januwale 2018 kuti mtolankhani wake anagula mwayi woona mbiri za anthu m'kaundulamo ndi ndalama zokwana 500 rupees zokha. Sipanafunike katswiri wothyola makompyuta. Panangofunika munthu wam'kati wokonda ndalama. Ife amene tinaona Cashgate mu 2013, pamene mabiliyoni anatuluka kudzera m'makompyuta a boma omwe, tinganene ndi mtima wonse kuti anthu otere kwathu kuno kulibe?

Nyerere yachitatu ndi imene anthu amaipeputsa kwambiri, ndiyo chinsinsi. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu wosunga zinsinsi za moyo wake. Koma yendani tsiku limodzi mumzinda muone. Pachipata cha ofesi mlonda akufuna chiphaso, akulemba dzina, nambala ndi foni yanu m'buku limene aliyense wobwera pambuyo panu akuwerenga. Pamalo ogona alendo akuchijambula ndi foni yake ya m'thumba. Kofunsira ntchito, kotenga ngongole, kogula nambala ya foni, konse akufuna fotokope. Ine ndinapitapo pa kashopu kena kojambulitsa mapepala, ndipo mnyamata wa pamenepo anandilembera mtengo kuseri kwa pepala lotayidwa. Nditalitembenuza ndinapeza nkhope ya mayi wina, dzina lake, tsiku lobadwa ndi nambala ya chiphaso chake. Mayiyo sakudziwa kuti ndinayenda naye m'thumba mpaka kunyumba.

Lamulo loteteza mbiri za anthu, Data Protection Act, linabwera mu 2024. Werengani zaka: tinapereka zala zathu mu 2017, mpanda unamangidwa patapita zaka zisanu ndi ziwiri. Tinayamba kugula ng'ombe, khola pambuyo. Ndipo udindo woyang'anira lamuloli unaperekedwa kwa MACRA, bungwe lomwe lija linatilamula kulembetsa nambala za foni, limenenso akuluakulu ake amasankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko. Sindikunyoza anthu ogwira ntchito kumeneko. Ndikungoti mlonda amene angadzudzule boma likasuzumira m'nkhokwe ayenera kukhala wosadyera m'mbale ya bomalo.

Pali mawu amene ndatopa nawo: "Ngati sunalakwe, ukuopa chiyani?" Wonena mawu amenewa amatseka chitseko akamagona, amamata envelopu akamalemba kalata, sauza apongozi ake za matenda ake onse, koma palibe amene amamutcha chigawenga. Chinsinsi ndi ulemu wa munthu. Ndiponso amene amagamula kuti kulakwa n'chiyani ndi amene ali pampando, ndipo mipando imasintha. A Mboni aja sanabe kanthu. Aphunzitsi ochokera kumpoto amene mu 1989 analamulidwa kubwerera kukaphunzitsa kwawo sanalakwe kanthu. Mlandu wawo unali boma lochokera. Nthawi imeneyo kuti awapeze ankafufuza m'mafayilo a mapepala. Lero boma lochokera la munthu aliyense lili m'kompyuta, ndipo nambala yake ya chiphaso ndi yolumikizidwa ku foni yake ndi ku akaunti yake ya kubanki. Ku Rwanda atsamunda a ku Belgium anayamba kulemba mtundu wa munthu pa chitupa m'zaka za m'ma 1930, ndipo alembi a nthawiyo ankangoona ngati ndi ntchito ya muofesi. Mu 1994 zitupa zomwezo ndizo zinkawerengedwa pa zipata za pamsewu posankha woti aphedwe. Chiphaso chathu sichilemba mtundu pamwamba pake, ndipo ndikuthokoza. Koma m'dziko limene ndale zake zimayendera zigawo, dzina la mudzi ndi la mfumu limanena zambiri. Sindikuti boma lilipoli kapena lapitalo lili ndi maganizo oipa. Ndikuti nkhokwe imakhalitsa kuposa amene anaimanga, ndipo sitidziwa adzalandire makiyi mawa.

Otsutsana nane ali ndi mfundo, ndipo sindizithawa. Amati chiphaso chathandiza kupeza maina a anthu ogwira ntchito m'boma amene kulibe, chathandiza mayi wa kumudzi kutsegula akaunti popanda kalata ya amfumu, chachepetsa kulembetsa kawiri pa chisankho. Ndikuvomera. Koma phindu la mpeni silitiletsa kufunsa amene waugwira ndi kumene waloza. Amatinso maiko otukuka onse ali ndi ziphaso. Si onse. Dziko la Britain linakhazikitsa lamulo la ziphaso mu 2006, anthu anakangana nalo pa nkhani zomwezi za mtengo ndi chinsinsi, boma latsopano linalithetsa mu 2010, ndipo mu Febuluwale 2011 zipangizo zosungira kaundulayo zinaphwanyidwa. Nkhani ya chiphaso cha pa foni itadzukanso kumeneko mu 2025, anthu oposa 2 miliyoni anasaina kalata yoikana. Ku Kenya bwalo lalikulu linagamula mu Januwale 2020 kuti ndondomeko ya Huduma Namba isapitirire mpaka patakhala malamulo okwanira oteteza mbiri za anthu, ndipo mu 2021 linapezanso kuti boma linalakwa kuyamba kugawa makadi lisanaunike chiopsezo chake. Anzathuwa anafunsa mafunso. Ife tinangofunsa kuti mzere ukuyambira pati.

Tsono zimene ndikupempha ndi izi, ndipo si zapatali. Tsiku lothera ntchito lichotsedwe pa chiphaso cha munthu wamkulu, ndipo chiphaso choyamba ndi cholowa m'malo mwa chotha zikhale zaulere, popeza amene akufuna kutiwerenga ndi boma. Pasapezeke Mmalawi wobwezedwa kuchipatala, ku thandizo la njala kapena ku kalembera wa chisankho chifukwa chosowa kapulasitiki kapena chifukwa netiweki yagwa. Pakhale njira ina yomuzindikirira, ngakhale umboni wa amfumu ndi anthu awiri. Kusunga chiphaso cha munthu wina ngati chikole kukhale mlandu umene apolisi amaulondola ndithu, ndipo wolangidwa akhale wosungayo, osati wosauka amene anapanikizika. Maofesi ndi mashopu aletsedwe kujambula ndi kusunga ziphaso popanda chifukwa chimene lamulo likuchidziwa. NRB izifalitsa chaka ndi chaka mndandanda wa mabungwe onse amene amaloledwa kuona m'kaundula ndi zimene amaona, ndipo nzika iliyonse ikhale ndi njira yofunsira kuti ndani anatsegula mbiri yake, liti, ndipo chifukwa chiyani. Kaundula akathyoledwa tiuzidwe msanga, tisamve kwa atolankhani akunja. Pomaliza, woyang'anira lamulo la 2024 akhale bungwe loima palokha, loyankha ku Nyumba ya Malamulo.

Kwa alembi anzanga ndili ndi mawu amodzi. Tinalemba ndakatulo ndi nthano zambiri za kadi ya chipani, koma zambiri tinazilemba kadiyo itapita kale. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo amatsina ngozi isanagwe. Chitupa cha lero tichilembe chikadali m'thumba mwathu.

Azakhali anga anapeza feteleza chaka chimenecho, mochedwa, chimanga chitafika kale m'mawondo. Chiphaso chawo tsopano amachikulunga m'kansalu n'kuchiika pansi pa sutikesi, pamodzi ndi kadi ya ubatizo ndi chithunzi cha malemu amuna awo. Nditapitakonso anandifunsa kuti, "Kodi mwanangu, zala zija anatijambula zija, anakazisunga kuti?" Ndinawauza kuti zili m'makompyuta a boma. Anafunsanso kuti, "Nanga amaziona ndani?" Ndinalonjeza kuti ndikafunsa, ndipo nkhani ino ndi kufunsa kwangako.